Kuyambira pa geti mpaka mu ofesi: mmene mungaonetsere kuti wantchito aliyense ndi wofunika

Eni mabizinesi ambiri amakonda kuuza antchito awo kuti "pano ndife banja limodzi". Mawu amenewa amamveka kwambiri pa phwando la Khirisimasi, ndiponso tsiku lomwe abwana akufuna anthu aweruke usiku popanda kuwawonjezera kanthu. Antchito amangovomera ndi mutu. Zomwe iwo amayang'ana ndi zina: malipiro afika tsiku liti, ndani amafunsidwa zinthu zisanasinthe, ndipo katundu akasowa chala chimayamba kuloza ndani.

Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi omugwirira ntchito, kaya ndi asanu kaya ndi 200: mwini loji, mwini chigayo, woyendetsa sukulu ya pulayiveti, manijala wa fakitale, mwini sitolo ya hadiweya. Zonse zatsamira pa mfundo imodzi. Vuto la pa ntchito limayamba kuonedwa ndi amene ali nalo pafupi, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi wolandira ndalama zochepa kuposa onse. Akanena msanga, mwapulumuka. Akaona kuti kunena n'kudziputira mavuto amakhala chete, ndipo inu mudzamvera kwa kasitomala wokwiya.

Zomwe zinachitika ku Fremont

Ku Fremont, m'chigawo cha California ku America, kunali fakitale ya magalimoto ya General Motors yomwe inatchuka ndi mbiri yoipa. Anthu ankajomba mwachisawawa, moti masiku ambiri munthu mmodzi mwa asanu alionse sankabwera. Ena ankamwa mowa pa ntchito. Madandaulo opita ku bungwe la antchito ankangounjikana, magalimoto n'kumatuluka ndi zolakwika zambirimbiri. Mu 1982 fakitaleyo inatsekedwa, ndipo ambiri ankati vuto linali antchitowo.

Mu 1984 inatsegulidwanso pa mgwirizano wa General Motors ndi Toyota, n'kutchedwa NUMMI, koma kayendetsedwe ka ntchito kanali m'manja mwa Toyota. Ambiri mwa omwe analembedwa anali anthu omwe aja, kuphatikizapo atsogoleri a bungwe la antchito amene kale ankaonedwa ngati ovuta. Magulu a antchito anatumizidwa ku fakitale ya Takaoka ku Japan kukaona mmene anzawo amagwirira. Sipanapite nthawi yaitali, magalimoto a ku Fremont anali m'gulu la opangidwa bwino kwambiri mwa onse a General Motors, ndipo ojomba anatsika kufika pa awiri kapena atatu mwa 100 alionse.

Anthu anali omwewo, malo omwewo. Chinasintha ndi mphamvu zomwe anapatsidwa komanso mmene ankayankhidwira akalankhula. Zambiri mwa zomwe anachita kumeneko sizifuna makina kapena mpamba waukulu, n'chifukwa chake ndizitchulatchula m'munsimu.

1. Lembani ntchito zonse zomwe zili pamalo panu

Tengani pepala mulembe ntchito iliyonse, osati mayina a anthu koma ntchito: kulondera, kusesa, kuphika, kulandira ndalama, kupakira katundu, kuyendetsa galimoto, kulemba mabuku. Pambali pa iliyonse yankhani mafunso awiri. Loyamba: ntchito imeneyi itapanda kugwiridwa masiku atatu, kasitomala angaone chiyani? Lachiwiri: amene amaigwira amadziwa chiyani chomwe ine sindidziwa?

Funso lachiwirili ndi lomwe limatsegula maso. Mlonda wa usiku amadziwa galimoto ya kampani yomwe imatuluka anthu atagona, amadziwa mpope womwe umadontha mpaka mbandakucha, amadziwanso kasitomala amene anabwerera pa geti chifukwa analankhulidwa mwachipongwe. Mayi woyeretsa zipinda pa loji amadziwa chipinda chomwe alendo amanyinyirika nacho ngakhale sanalembe m'buku. Wopakira amadziwa kuti matumba a simenti ong'ambika amachokera kwa wogulitsa uti. Dalaivala amayamba kumva kulira kwachilendo kwa injini masabata angapo galimoto isanafere pa msewu. Nzeru zonsezi mumazilipira kale mwezi ndi mwezi. Kaya zimakufikani kapena ayi, ndi nkhani ina.

Mukamaliza, muuzeni aliyense pamaso zomwe mwalemba pa funso loyamba lija. Osangoti "mumagwira ntchito yabwino". Nenani chenicheni: "Mayi, mlendo akalowa m'chipinda amayamba waona bafa asanaone china chilichonse. Akabweranso ulendo wachiwiri, mbali yaikulu ndi inuyo." Ndipo ngati pali ntchito yomwe mukulephera kufotokoza phindu lake, wolakwa si munthuyo. Ndinu amene munaikonza mosalongosoka, ikonzeninso.

2. Konzani za malipiro musanalankhule china chilichonse

Apa ndi pomwe ambiri amafuna kudumpha, koma palibe njira yolambalala. Munthu amene malipiro ake achedwa ndi masiku khumi wapita kale kwa wa katapila, walandira kale mawu kwa alandilodi, ndipo mwana wake wabwezedwa kusukulu. Mukamuitana kumsonkhano wokambirana za "kugwirira ntchito limodzi", amakuonani ngati mukumuseka.

Sankhani tsiku lolipira ndipo lisamasunthe. Mwezi ukavuta, ndalama zosakwanira onse, yambani ndi olandira zochepa, inu ndi mamanijala mudikire. Zimachitika mosemphanitsa m'malo ambiri, ndipo antchito amadziwa, chifukwa wa ku akaunti nayenso ali ndi anzake. Ngati kuchedwa sikungapeweke, nenani masiku angapo tsikulo lisanafike, mutchule tsiku latsopano, ndipo mulisunge.

Ku Malawi zambiri mwa izi si nkhani ya chifundo cha abwana ayi, zili m'lamulo la zantchito la Employment Act la mu 2000. Maola ogwira ntchito pa sabata asapitirire 48. Ovataimu ya tsiku wamba imalipiridwa malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, pomwe ya tsiku lopuma kapena la holide imalipiridwa kawiri. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, wogwira masiku asanu ali ndi masiku 15. Amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito akadwala, ali ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka la malipiro pa chaka. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a malipiro onse kamodzi pa zaka zitatu. Aliyense ayenera kulandira kapepala kosonyeza zomwe wapeza ndi zomwe zadulidwa. Malipiro otsikitsitsa amalengezedwa ndi boma ndipo amasinthasintha, choncho funsani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu m'malo modalira chiwerengero chomwe munamva zaka ziwiri zapitazo.

Za penshoni nazo. Kwa antchito omwe lamulo la penshoni likuwakhudza, olemba ntchito amasonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Kudula 5 peresentiyo koma osaitumiza ku kampani yosunga penshoni ndi kuba, ngakhale mutakupatsa dzina lina lokoma. Munthu amazindikira tsiku lomwe wachoka ntchito, ndipo otsala onse amamva tsiku lomwelo.

Chomaliza pa mfundoyi: yang'anani anthu omwe mumawatchula kuti "aganyu". Ngati munthu wakhala akubwera tsiku ndi tsiku kwa zaka, akugwira ntchito yomwe singaime, ameneyo si waganyu. Mulembereni kontirakiti, ndipo ngati Chingerezi chimamuvuta, mumufotokozere m'chinenero chomwe amamva asanasaine.

3. Perekani mphamvu yoimitsa ntchito

Pa zonse zomwe Toyota inabweretsa ku Fremont, chomwe chinadabwitsa antchito kwambiri ndi chingwe. Pamwamba pa mzere wopangira magalimoto panali chingwe, chomwe ku Japan amachitcha andon, ndipo aliyense akaona cholakwika ankatha kuchikoka. Nyali inkayaka, mtsogoleri wa gulu n'kuthamangirako kukathandiza, ndipo vutolo likapanda kutha msanga mzere wonse unkaima. Nthawi ya General Motors lamulo linali loti mzere usaime zivute zitani. Munthu akamanga nati molakwika, galimoto inkangopitirira, ziwalo zina n'kuikidwa pamwamba pake, ndipo kukonza kwake kumapeto kunkadya nthawi ndi ndalama zochuluka.

Ku chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore kunachitikanso zofanana. Mu 2001 dokotala Peter Pronovost analemba mfundo zisanu zoti madokotala azitsata poika kapaipi mu mtsempha waukulu wa wodwala: zinthu ngati kusamba m'manja, kupukuta khungu ndi mankhwala ophera tizilombo, kuvala zodzitetezera. Madokotala onse ankazidziwa kale, koma ankadumpha zina. Zinthu zinasintha pamene akuluakulu a chipatala analola anamwino kuimitsa dokotala aliyense amene wadumpha mfundo. Matenda obwera kudzera m'mapaipiwo anatsika kwambiri, ndipo njirayi itafalikira m'zipatala za ku Michigan anatsikanso kumeneko.

Inu mulibe mzere wa magalimoto, koma chingwe mutha kukhala nacho. Khalani pansi ndi gulu lililonse mugwirizane zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe munthu angakane popanda kupempha chilolezo. Wophika akane kuphika nyama yomwe yasintha fungo magetsi atathima usiku wonse. Dalaivala akane kunyamuka ngati mabuleki akukayikitsa kapena matayala atha. Wa pa chigayo azimitse makina akamva kulira kwachilendo. Wa m'sitolo akane kulandira katundu wosakwana, ngakhale wobweretsayo ndi mnzanu wa kutchalitchi. Zilembeni, muzipachike pakhoma.

Kulemba ndi kophweka. Mayeso enieni amabwera tsiku loyamba lomwe munthu wakoka chingwecho pa nthawi yoipa, kasitomala akudikira, ndalama zikutayika. Nkhope yanu tsiku limenelo ndi yomwe idzaphunzitse onse. Mukakalipa, basi, chingwe chaduka, ndipo palibe adzachikokenso. Ngakhale zitapezeka kuti mabuleki anali bwinobwino, muthokozeni, kenako mumuonetse mmene angasiyanitsire ulendo wina. Kutaya ola limodzi pachabe n'kotchipa kuyerekeza ndi lole yogubuduzika pa mapiri.

Mungawonjezere mphamvu yokonza dandaulo la kasitomala pompopompo. Mahotela a Ritz-Carlton amadziwika ndi kulola wantchito aliyense kugwiritsa ntchito mpaka madola 2,000 pokonza vuto la mlendo osafunsa abwana. Inu ikani malire ogwirizana ndi thumba lanu: botolo la zakumwa, kusinthira mlendo chipinda, kusintha katundu wowonongeka wa mtengo wosapitirira ndalama zakutizakuti. Akatero alembe m'buku, inu muziona kumapeto kwa sabata.

4. Kaoneni nokha, ndipo mufunse mafunso oyankhika

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani yochokera pa geti ikadutsa kwa kapitawo, kwa supavaiza, kwa manijala, imafika kwa inu itapalidwa minga yonse, chifukwa aliyense wachotsapo zomwe zingamuike pa mlandu. Choncho patulani nthawi sabata iliyonse yoima pomwe ntchito ikugwiridwa. Fikani nthawi zina usiku. Kwerani lole ulendo umodzi wokasiya katundu. Imani kukhitchini nthawi ya nkhomaliro pomwe maoda achuluka.

Musafunse kuti "zikuyenda bwanji?" Mwa ulemu wathu yankho lake ndi limodzi: "Zili bwino, bwana." Funsani zoti munthu angaloze ndi chala. Ndi chipangizo chiti chomwe chimakuchedwetsani? Makasitomala adandaula chiyani sabata ino? Mukanakhala ndi K50,000 yokonzera chinthu chimodzi pano, mukanayamba ndi chiti?

Yambitsaninso kamsonkhano ka mphindi khumi m'mawa uliwonse, choimirira, onse alipo. Dzulo chinavuta n'chiyani, lero kuli chiyani, ndani akufuna thandizo. Pamsonkhano uliwonse ayambe kulankhula ndi aang'ono pa udindo, inu mumalize. Abwana akangoyamba kunena maganizo awo, otsala onse amangoti "monga anenera abwana". Mlonda amene akuweruka m'mawa mumumvere kaye asanapite, musamusungire msonkhano wa 10 koloko iye atachezera usiku wonse. Ndipo ngati muli ndi gulu la WhatsApp la pa ntchito, kumbukirani kuti ena alibe foni yotero kapena bandulo. Uthenga wofunika uzinenedwanso pakamwa.

5. Maganizo onse aziyankhidwa

Bokosi la maganizo lomwe silitsegulidwa ndi loipa kuposa kusakhala nalo. Ikani lamulo: ganizo lililonse liyankhidwe pasanathe sabata, ndipo mayankho ndi atatu okha. Tichita, tsiku lakuti. Sitichita, chifukwa chake ndi ichi. Tiyesa kwa mwezi umodzi tione. Anthu amalandira "ayi" wokhala ndi chifukwa. Chomwe chimawafooketsa ndi "tiona" wosatha.

Ganizo likagwira ntchito, tchulani mwini wake pagulu. Pali mamanijala omwe amatenga nzeru ya wosesa n'kukaipereka kwa eni kampani ngati yawo. Ameneyo mukamugwira, mudzudzuleni ngati wobera kampani, chifukwa watseka pakamwa pa anthu khumi. Ganizo lomwe lapulumutsa ndalama libweretseko kenakake kwa mwini wake, ngakhale pang'ono.

6. Chotsani timipanda ting'onoting'ono

Ku NUMMI mamanijala ankadya m'chipinda chimodzi ndi antchito onse, ndipo panalibe malo oimika magalimoto osungira mabwana. Zimaoneka zazing'ono, koma anthu amaziwerenga tsiku lililonse. Yendani pamalo panu ndi maso a wantchito watsopano. Chimbudzi chabwino chili ndi loko, kiyi ali ndi anthu atatu? Tiyi wa mu ofesi ali ndi mkaka, wa panja alibe ndi shuga yemwe? Alonda ali ndi pobisala mvula? Phwando likachitika, ophika ndi otsuka mbale amadya nthawi yanji, ndipo amadya chiyani?

Dziwani mayina a onse. Bambo wa zaka 55 amene ali ndi zidzukulu asamaitanidwe kuti "iwe gadi" ndi kalaliki wa zaka 24. Amenewo ndi abambo, aitanidwe ndi dzina lawo kapena mfunda wawo. Mukayamba inu, ena atsatira popanda kuwauza. Maliro akagwa kwa wosesa, kampani ichite zomwe ikanachita akanagwa kwa akauntanti. Lembani ndondomeko imodzi ya chipepeso ndi thandizo la mayendedwe kuti zisamadalire kuti woferedwayo amadziwana ndi ndani.

Pano ndichenjezepo: kunena kuti onse ndi ofunika sikutanthauza kuti onse azilandira mofanana. Makaniko amene anaphunzira zaka zinayi adzalandira zambiri kuposa womuthandizira, ndipo womuthandizirayo amadziwa zimenezo. Chomwe savomereza ndi kusiyana kopanda chifukwa chomveka.

7. Thupi la munthu lisakhale pomwe mumapulumutsira ndalama

Mu 1987 Paul O'Neill atasankhidwa kutsogolera Alcoa, kampani yaikulu ya aluminiyamu ku America, anadabwitsa eni masheya polankhula za chitetezo cha antchito m'malo mwa phindu. Analamula kuti munthu akavulala pa fakitale iliyonse, iye auzidwe pasanathe maola 24, pamodzi ndi dongosolo loti ngoziyo isachitikenso. Anauzanso antchito wamba kuti mabwana awo akanyalanyaza za chitetezo amuimbire foni iye mwini. Kuti uthenga ufike kwa iye m'maola 24, mamanijala anakakamizika kumamvera anthu a pansi tsiku ndi tsiku, ndipo njira yomweyo inayamba kunyamula maganizo ena okonzera ntchito. Pomwe ankachoka, ngozi zinali zitachepa kwambiri ndipo phindu la kampani linali litakwera kangapo.

Kwa inu izi zikutanthauza magambutsi, magolovesi, zotseka pamphuno kwa wa pa chigayo ndi wopopera mankhwala, tochi ndi jekete kwa mlonda m'miyezi ya June ndi July, bokosi la chithandizo choyamba lomwe lili ndi zinthu m'kati. Zigulidwe ndi kampani, osadula pa malipiro. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la mu 1997 limaika udindowu pa olemba ntchito, ndipo la Workers' Compensation Act la mu 2000 limanena za chipukuta misozi kwa wovulala pa ntchito. Tsegulani buku lolembamo ngozi zonse, kuphatikizapo zomwe zinangotsala pang'ono kuchitika. Waya wosenda amene wagwedeza munthu lero ndi yemweyo adzaphe wina mawa.

Chitetezo chikukhudzanso amayi ndi atsikana omwe amavutitsidwa ndi mabwana ofuna chibwenzi. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa mchitidwewu. Payenera kukhala munthu wachiwiri wokadandaulako, kuti wovutitsidwa asakakamizike kukanena kwa yemwe akumuvutitsayo.

8. Zinthu zikalakwika

Katundu akasowa, mwambo wa m'malo ambiri ndi wodziwika: agwireni alonda. Nthawi zina mlonda ndi wolakwadi. Koma musanaloze munthu, funsani kuti makiyi amasunga ndani, katundu anawerengedwa liti komaliza, ndani anasainira potuluka. Kawirikawiri mupeza kuti dongosolo lanu lili ndi mabowo omwe aliyense akanatha kudutsamo. Ndipo musagawire gulu lonse mlandu wa munthu mmodzi powadula malipiro onse. Mukatero, osalakwa amaphunzira kuti kukhulupirika kulibe phindu.

Siyanitsani zinthu zitatu: kulakwitsa kwa munthu amene sanaphunzitsidwe, kulakwitsa kobwera chifukwa cha zipangizo kapena kutopa, ndi kuchita dala. Choyamba mankhwala ake ndi maphunziro, chachiwiri ndi udindo wanu, chachitatu chokha ndiye chofuna chilango. Dzudzulani kumbali, osati pamaso pa makasitomala.

Zikafika pochotsa munthu, lamulo la zantchito limafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka, ndi mwayi woti munthuyo adziteteze asanachotsedwe. Mulembereni mlandu wake, mumupatse nthawi yokonzekera, abwere ndi mnzake womuperekeza, ndipo zokambirana zilembedwe. Olemba ntchito ambiri amagonja ku Industrial Relations Court, bwalo loweruza milandu ya zantchito, osati chifukwa wantchito sanalakwe, koma chifukwa anangomuuza kuti "usabwerenso mawa". Ndondomekoyi ikhale imodzi kwa wosesa ndi kwa manijala.

Ikhalenso imodzi kwa achibale. Kulemba ntchito mphwanu kapena mlamu wanu si mlandu. Vuto limayamba pamene iye afika 9 koloko osafunsidwa, wina akachedwa mphindi khumi n'kulandira kalata. Chimodzimodzi kukondera anthu a kwanu, a mtundu wanu kapena a mpingo wanu pokweza maudindo. Ngati simungathe kumudzudzula m'bale wanu, muthandizeni ndi mpamba akayambe zake, koma musamuike pamwamba pa anthu.

9. Malonda akavuta

Cha m'ma 1988 magalimoto a NUMMI sankagulidwa bwino ndipo fakitale inachepetsa kwambiri opangidwa. Antchito ankayembekezera zomwe anazolowera, makalata owaimitsa. Sizinachitike. Anthu anaikidwa pa maphunziro ndi pa ntchito zokonza kagwiridwe ka ntchito mpaka malonda anabwerera. Ambiri anayamba kukhulupirira kampaniyo nthawi imeneyo, osati tsiku lomwe anauzidwa mawu okoma.

Bizinesi yaing'ono singapirire ngati Toyota, makamaka mafuta akasowa, ndalama zakunja zikavuta kapena kwacha ikagwa. Koma ndondomeko ya zodula ili m'manja mwanu. Yambani ndi zomwe zimakomera inu: galimoto yatsopano, maulendo, ma alawansi a akuluakulu. Auzeni antchito zoona zake, ndi ziwerengero, mphekesera zisanayambe. Afunseni komwe ndalama zikutayikira. Amadziwa magetsi omwe amayaka pachabe ndi katundu amene amaola m'nyumba yosungira. Kambiranani za kusinthana masiku musanaganize zochotsa anthu.

Ngati kuchotsa sikungapeweke, njira yosankhira ikhale yodziwika kwa onse, perekani notisi, ndipo lipirani zonse zomwe lamulo likunena. Ndalama za kuchotsedwa pa zifukwa zotere zimawerengedwa motere: malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, masabata 3 pa chaka kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 pa chaka kuyambira cha 11. Lemberani aliyense kalata ya umboni yomuthandiza kupeza ntchito kwina. Otsala amakhala akuonerera mmene mukuchitira ndi anzawo.

10. Tsegulani njira yokwerera, kenako muziwerenga

Aliyense aphunzire ntchito yachiwiri. Wotsuka mbale aphunzire kuphika, wopakira aphunzire kulemba katundu, mlonda amene ali ndi MSCE ayesedwe pa kauntala. Izi zimakupulumutsani wina akadwala, ndipo zimamuonetsa munthu kuti sadzakalambira pamalo amodzi. Mpata ukapezeka, ulengezeni m'kati kaye musanauike panja. Ngati mumalipira msonkho wa TEVET wa 1 peresenti, wothandizira maphunziro a luso la ntchito, pitani ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunzirowo, mukafunse maphunziro omwe antchito anu angapindule nawo. Ambiri amangolipira osafunsa kanthu. Mantha oti "ndikamuphunzitsa athawa" ndi oona nthawi zina. Ena adzapitadi. Koma wosaphunzitsidwa amene watsala ndi amene akutumikira makasitomala anu lero.

Kuti mudziwe ngati zonsezi zikugwira, sungani kaundula wa zinthu zinayi mwezi uliwonse: ojomba, osiya ntchito, ngozi, ndi maganizo omwe abwera. Musadabwe ngati m'miyezi yoyamba mavuto onenedwa achuluka. Sikuti zinthu zaipa. Anthu ayamba kunena zomwe kale ankabisa. Chodetsa nkhawa ndi buku lopanda kanthu.

Munthu akamasiya ntchito, khalani naye mphindi 20 atalandira kale ndalama zake zonse, pomwe alibe choopa, mumufunse chomwe chikanamusunga. Wofunsa asakhale amene ankamuyang'anira. Lembani mayankhowo, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi muwaike pamodzi malinga ndi gawo lomwe anthuwo ankagwira. Mukaona kuti ambiri akuchoka pansi pa kapitawo mmodzi, muitaneni kapitawoyo, mumuonetse chiwerengerocho, mugwirizane zomwe asinthe ndi tsiku lomwe mudzaonenso.